Burashi yometera ndevu ya agogo a m'chipinda chakumapeto

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kuno ku Luton, agogo aamuna ambiri timawameta ndi makina amagetsi. Ntchito imafulumira, komanso amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana sitiwayandikiza n'komwe lezala, poti kabala kakang'ono ka m'mawa kamatha kukha magazi mpaka nthawi ya nkhomaliro. Koma m'chipinda chakumapeto kwa khonde munali agogo ena a zaka 91 amene makinawo ankawakana kwamtuwagalu. Anamwino atawaunika anavomera kuti tiziwameta monga mmene iwo ankadzimetera kuyambira ali mnyamata, ndipo ntchitoyo inagwera ine.

Pashelefu yawo panali zinthu zitatu: kambale kamtengo kokhala ndi sopo wouma gwa, lezala la chigwiriro chachitsulo, ndi burashi. Burashiyo inali yakalekale. Chigwiriro chake chinali chitachita chikasu ngati dzino la nkhalamba, zilembo za amene anaipanga zitafufutika, ndipo pakati pa ubweya panali patachita dzenje chifukwa chothothoka. Manja awo ankanjenjemera, choncho iwo ankangondiuza chochita. Tsiku loyamba ndinaikanikiza pa tsaya ngati ndikupaka polishi pa nsapato. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mnyamata iwe, usaikanikize. Nsonga zokhazo ndizo zimagwira ntchito." Ndinayankha kuti, "Ndamva, agogo," koma zinanditengera masabata kuti dzanja langa limve zimene khutu linamva tsiku lomwelo.

Mwana wawo wamkazi, yemwenso ndi mayi wachikulire ndithu, anandipeza tsiku lina ndikuumitsa burashiyo ndi thaulo. Anati akufuna kuwagulira bambo awo yatsopano, koma pa intaneti akungoona mayina a magulu a ubweya wa burashi akuti pure, best, super, silvertip, mitengo yake kuchokera pa mapaundi ochepa mpaka kupitirira 100, ndipo sakudziwa poyambira. Popeza ine ndi amene ndinkagwira nkhope ya bambo awo m'mawa uliwonse, anandipempha kuti ndiwathandize kusankha.

Kwathu ku Dedza bambo anga sankadziwa za burashi. Lamlungu m'mawa ankatsamiritsa kagalasi pazenera, kutenga sopo yemweyo wosambira, kumufikisa m'manja mpaka achite thovu, kupaka kumaso, basi lezala. Ine nditakula ndinkapita kwa ometa apamsika, makina kenako sipiriti yowawa ija. Koma chibwano changa ndi pansi pa khosi pakhala pa mavuto kuyambira ndili ku sekondale. Amuna ambiri akuda akudziwa zimenezi: ndevu zathu n'zopotana, ndiye ukameta kwambiri kachitsa kotsalako kamapindika n'kubwerera m'khungu, pamatuluka tiziphuphu, tikapola pamatsala timadontho takuda. Poona mmene thovu la agogo aja linkafewetsera ndevu, ndinali nditayamba kale kuganiza zoyesa njira yawo. Pempho la mayiwo linangondifulumizitsa.

Ndinayamba n'kugula yanga. Ndinaitanitsa pa intaneti burashi ya mapaundi 11 yolembedwa kuti pure badger (badger ndi nyama yakutchire imene ubweya wake amapangira maburashi ometera). Mawu akuti pure anandikopa, poti ndinkayesa kuti akutanthauza yabwino koposa zonse. Safunsa anadya phula. Itafika, ubweya wake unali wakuda bii kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo pamwamba pake panali posalala bwino ngati tsitsi longochoka kwa wometa. Nditaipaka pachibwano inkabaya ngati chiputu cha udzu wotchetcha. Patatha masiku atatu tiziphuphu tanga tinali titafiira kuposa kale, ndipo m'sinki munkatsala ubweya kumeta kulikonse.

Pure ndiye gulu lapansi penipeni. Dzinali limangonena kuti ubweyawo ndi wa badger wokhawokha, sanasakanize ndi wa nkhumba kapena wa hatchi, koma za ubwino wake silinenapo kanthu. Amalonda amati umachokera kumimba ndi mbali zina za thupi kumene ubweya umapezeka wambiri, ndiye n'chifukwa chake ndi wotchipa. Vuto lalikulu silili pa kumene wachokera ayi, lili pa kapangidwe. Ubweya wa nyamayi ndi wonenepa chapakati, n'kumawonda kupita kunsonga, ndipo nsongayo ndiye yofewa. Opanga maburashi abwino amaika ubweya chozondoka m'kachikombole, nsonga zili pansi, n'kumagogoda mpaka zonse zitatsata maonekedwe a chikombolecho. Akatero amamanga mtolowo ndi ulusi, n'kudula kutsinde, kumene kukalowe m'chigwiriro. Nsonga sizikhudzidwa. Opanga zotchipa amangomanga mtolo n'kumeta pamwamba ndi makina kuti paoneke bwino. Nsonga zonse zofewa zija zimapita ndi tsache, kumene kwatsala ndi kumene kunkandibaya.

Lachinayi lina ndili pa ofu ndinakwera sitima ya ku siteshoni ya St Pancras ku London, kenako ya pansi pa nthaka mpaka ku Piccadilly Circus, kuti ndikazione ndi maso komanso ndikazigwire. Dera la St James's ku London ndi kumene kuli masitolo akale a zometera: D. R. Harris anayamba mu 1790, Truefitt & Hill mu 1805, ndipo Taylor of Old Bond Street, amene lero ali mumsewu wa Jermyn, mu 1854. Ndinalowa m'sitolo imodzi n'kufotokoza kuti ndikufunira nkhope ziwiri, ina ya agogo a zaka 91, ina yangayi. Bambo wogulitsayo sanandifunse kuti ndili ndi ndalama zingati. Anatulutsa maburashi anayi n'kuwandandalika pagalasi, n'kundiuza kuti ndizigunditsa iliyonse mkati mwa mkono, pafupi ndi pomangira wotchi, pamene khungu ndi lopyapyala.

Apa ndi pamene ndinaona kusiyana kwake bwinobwino. Ya best inali yotuwirako, mizere yake yosaoneka kwenikweni, ndipo pakhungu inkamveka kukanda pang'ono kosapweteka, ngati munthu akukukanda pamsana ndi nsonga za zala. Ya super inali ndi mizere itatu yooneka bwino: kutsinde koyererako, pakati mzere wakuda, kunsonga koyera. Ya silvertip nayonso chimodzimodzi, koma ubweya wake unali wopyapyala kwambiri ndi wothithikana, nsonga zake zosayera mbee koma zonga mkaka wa ng'ombe yakumudzi. Nditaigunditsa pamkono sindinamve ubweya umodziumodzi ayi, ndinangomva kufewa kokhakokha. Silvertip amati imachokera pakhosi pa nyamayo, kamalo kochepa, ndipo amachita kusankha ndi manja. Mtengo wake umakwerera pamenepo.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mayinawa alibe lamulo lililonse. Palibe bungwe limene limayeza ubweya n'kunena kuti uwu ndi best, uwu ndi super. Kampani iliyonse imatchula mmene yafunira. A Edwin Jagger a ku Sheffield ali ndi magulu anayi aja monga ndawatchulira. A Mühle a ku Stützengrün ku Germany, amene anayamba mu 1945, akhala akugwiritsa ntchito atatu: pure, fine ndi silvertip. A Simpson, amene anayamba ku London mu 1919, n'kusamukira ku Somerset fakitale yawo itaphulitsidwa ndi mabomba mu 1941, ndipo tsopano maburashi awo amapangidwa pachilumba cha Isle of Man, amadziwika ndi pure, best ndi super, ndipo best yawo anthu ambiri amaiika pamwamba pa super ya makampani ena. Onjezanipo mayina ena amene mungawapeze monga finest, Manchurian ndi High Mountain White. Awa ndi mayina amalonda, sakukuuzani phiri limene nyamayo inkakhala. Choncho kuyerekeza best ya uyu ndi super ya uyo pongowerenga mayina kuli ngati kugula chimanga pa ndowa osafunsa kukula kwa ndowayo.

Ngakhale kuyera kwa nsonga sikodalirika. Ena amaviika nsonga m'mankhwala oyeretsa kuti ubweya wamba uoneke ngati silvertip. Mankhwalawo amafewetsadi nsonga, ndipo pali anthu amene amazikonda zoterozo chifukwa zikanyowa zimaterera pakhungu, koma amazifooketsanso. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mukaona nsonga zoyera mbee ngati pepala, zofanana zonse, pamtengo wotsika, muzikayikira. Chinyengo cha mtundu umenewu n'chakale. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ubweya wa badger wochokera ku Russia utasiya kufika, opanga ena anayamba kugwiritsa ntchito ubweya wa hatchi wosaphedwa tizilombo, n'kuukonza kuti uzioneka ngati wa badger, ndipo asilikali ena a ku Britain ndi ku America anatenga matenda a anthrax kumaso kudzera m'timabala tometa. Lero ubweya umatsukidwa n'kuphedwa tizilombo, za matendazo zinatha, koma khalidwe loveka chinthu malaya a chinzake likadalipo.

Wogulitsa uja anandionetsanso burashi yachisanu imene sinali pa mndandanda wa mayi aja. Iyi amaitcha two band, ya mizere iwiri: mbali yaikulu yakuda, nsonga zoyera. Ubweya wake ndi wonenepa ndi wolimba kuposa wa silvertip, koma nsonga zake n'zosadulidwa. Ukaikanikiza pachikhatho siigona msanga, imakana pang'ono kenako n'kubwerera. Odziwa zimenezi amati burashi yotere ili ndi msana. Silvertip yambiri msana wake ndi wochepa, ukangoigunditsa pankhope imayanzika ngati duwa.

Nkhani ya msanayi ndi imene inanditsegula maso, chifukwa msana sudalira gulu la ubweya lokha. Udaliranso kukula kwa mtolo, kuthithikana kwake, ndi kutalika kwa ubweya umene watuluka kunja kwa chigwiriro. Maburashi ambiri mtolo wake kutsinde umakhala wa mamilimita pakati pa 20 ndi 28, ndipo ubweya umatuluka mamilimita 45 mpaka 55 kapena kuposerapo pang'ono. Tengani ubweya womwewo, wina muulowetse kwambiri m'chigwiriro kuti utuluke waufupi, wina muusiye wautali: woyambayo adzakhala wolimba, wachiwiriyo wolobodoka. N'chifukwa chake best yaifupi yothithikana ikhoza kukugwirirani ntchito bwino kuposa silvertip yaitali yopyapyala imene mwalipira kawiri. Manambala awiriwa ogulitsa abwino amawalemba, ndipo ine tsopano ndimayamba kuyang'ana iwo ndisanawerenge dzina la gulu.

Palinso sopo ndi madzi. Sopo wouma ngati wa agogo aja amafuna burashi yoti ikhoza kumupala. Kirimu wa m'chubu kapena m'kabotolo safuna mphamvu, burashi yofewa imamukwanitsa. Ndiye madzi a kuno ku Luton amachokera pansi pa mapiri a choko a Chiltern, ndipo aliyense wokhala kuno amadziwa zoyera zija zimene zimamatirira m'ketulo. Madzi otere amapha thovu, moti umayenera kutapa sopo wambiri kuposa munthu wa kumene madzi ake alibe choko. Burashi yolobodoka pa sopo wouma m'madzi a kuno, udzazunguliza mpaka mkono kutopa thovu lili lamadzimadzi.

Ndili m'sitima pobwerera ndinaganizira nkhope ziwirizo. Khungu la agogo linali lopyapyala ngati pepala lofewa, moti ukaligwira mwamphamvu pang'ono mawa lake pamakhala pathimbirira. Ndevu zawo zinali zoyera, zapatalipatali, zosavuta. Iwo kukanda kulikonse sikunkawayenera. Ndinawauza mayi aja kuti agule silvertip yaing'ono, ya mtolo wosapitirira mamilimita 22, kuti izilowa bwino pansi pa mphuno ndi m'makwinya a m'mbali mwa kamwa osapaka sopo m'maso. Za sopo woumayo ndinadziwa chochita: ndinkathira timadzi tofunda m'kambaleko ndisanayambe kuwasambitsa, pomafika nthawi yometa pamwamba pake pafewa kale. Kwa iwo burashi yodulayo inali yoyenera, ndipo ndalama ya mayiwo sinapite pachabe.

Kwa ine silvertip yomweyo ikanakhala kungotaya ndalama. Ndevu zanga n'zolimba ndipo zimagona pakhungu, zina zitayamba kale kupindikira mkati. Ndimafuna burashi yoti ikazungulira pachibwano izidzutse, thovu lilowe pansi pake, koma isang'ambe tiziphuphu. Pure inang'amba. Silvertip imangozisisita ndevuzo zili chigonere. Ndinagula two band ya mamilimita 24, yaifupi ndithu. Ndinene mosabisa kuti burashi payokha sinachize khosi langa. Ndinasiyanso malezala a mipeni inayi kapena isanu aja, amene amakoka ndevu n'kuzidula mpaka pansi pa khungu, n'kuyamba lezala la mpeni umodzi. Ndimameta motsatira kumene ndevu zagonera, kamodzi kokha, osakoka khungu, ndipo ndinavomereza kuti chibwano changa sichidzasalala ngati cha mwana. Ndimalumphitsa tsiku. Zonsezi pamodzi ndi zimene zinachititsa kuti patatha miyezi iwiri mkazi wanga andifunse kuti, "Kodi bambo, mwayamba kudzola chiyani pakhosipa?" Sindinkadzola kanthu.

Mnzanga wina wa ku Zambia amene timapemphera naye anandifunsa kuti agule iti, poti iye akungoyamba kumene. Ndinamuuza kuti best ya kampani yodziwika, yapakatikati kukula kwake. Imapala sopo wouma, imakwanitsa kirimu, sibaya, ndipo ikamukanika sadzalira ndalama yambiri. Akadzaigwiritsa ntchito chaka adzadziwa yekha ngati nkhope yake ikufuna yofewerapo kapena yolimbirapo. Ndinamuchenjezanso kuti asaiviike m'madzi owira, chifukwa guluu wogwira mtolo amafooka ndipo nsonga zimapiringizika. Akamaliza azitsukuluza mpaka madzi atuluke oyera, kuikutumula, n'kuisiya pamphepo, osaitsekera m'kabati ili yonyowa. Dzenje lija la pakati pa burashi ya agogo limabwera chifukwa chokanikiza, ubweya wapakati umathyokera kutsinde.

Tsono pali mbali imene sindingaidumphe, ndipo ikundilemera kuposa zonse ndalembazi. Badger si chiuli chathu chija chogumula ming'oma ya njuchi, ngakhale ndi zapachibale chapatali. Wa kuno ndi nyama yaifupi, yonenepa, ya mizere yakuda ndi yoyera kumaso, imakhala m'mauna n'kumayenda usiku. Ine wamoyo sindinamuonepo, ndimangowaona atagundidwa m'mbali mwa msewu ndikamabwera ku ntchito mbandakucha. Ku France nyamayi ndi burashi yometera dzina lake ndi limodzi, blaireau, kusonyeza kuti ziwirizi zinalumikizana kalekale. Kuno ku Britain lamulo la 1992 limaletsa kupha badger popanda chilolezo ngakhale kusokoneza una wake. Ndiye ubweya wa m'masitolo okongola ajawo suchokera kuno. Pafupifupi wonse umachokera ku China, ndipo sachita kumeta nyama yamoyo ngati nkhosa, nyamayo imafa. Mu 2018 bungwe loteteza ufulu wa nyama la PETA linatulutsa kanema wa m'mafamu ena a kumeneko woonetsa nyamazi zili m'tizikwere tawaya, ndipo makampani ena, kuphatikizapo Procter & Gamble, analengeza kuti asiya kugwiritsa ntchito ubweyawu. Ine kanemayo ndinamuonera nditagula kale burashi yanga. Ndinakulira pamudzi, ndaphapo nkhuku ndi mbuzi, kupha nyama sikundidabwitsa. Koma kwathu mbuzi imayenda, imadya msipu, imaona dzuwa mpaka tsiku lake. Nyama yokumba pansi kuisunga pa waya moyo wake wonse kuti ine ndipake thovu, mtima wanga sunavomere.

Burashi yangayo sindinaitaye, poti kuitaya sikungadzutse nyamayo, ndipo ndikaisamala ikhala zaka khumi kapena kuposa. Koma ya badger ina sindidzagulanso. Masiku ano kuli maburashi a ulusi wopanga, monga Silvertip Fibre ya a Mühle, amene nsonga zake n'zofewa ndithu, amauma msanga, sanunkha, ndipo amadya sopo wochepa. Ndinagula imodzi yoyenda nayo paulendo. Kusiyana kulipo: ubweya weniweni umasunga madzi ndi kutentha, moti thovu lachiwiri limafika pankhope likadali lofunda, pamene ulusi umataya madzi msanga ndipo umakonda kuwaza. M'nyengo yozizira kusiyanako umakumva. Kwa ine sikokwanira kuti ndibwererenso. Mnzanga wa ku Zambia uja ndinamuuzanso zimenezi, kuti asankhe akudziwa. Kulinso za ubweya wa nkhumba, monga za Omega za ku Italy ndi Semogue za ku Portugal, zotchipa ndi zolimba, zimene nsonga zake zimagawikana n'kufewa ukazigwiritsa ntchito kwa masabata angapo. Abale athu achisilamu ambiri izi sangazifune, ndipo ndi bwino kufunsa musanamugulire munthu ngati mphatso.

Agogo aja sindinawauze za kanemayo. Burashi yawo yatsopano inafika Lolemba m'kabokosi. Usiku wake ndinaitsuka kawiri ndi shampu, ndinapanga thovu n'kuisiya nalo kwa kanthawi, chifukwa ubweya watsopano umabwera ndi fungo la nyama. M'mawa ndinaiviika m'kapu ya madzi ofunda, ndinathira timadzi pa sopo, n'kuwasambitsa kaye. Nditawakhazika pampando pafupi ndi zenera, thaulo lili paphewa, anapempha kuti aigwire. Anaitembenuza ndi zala zonjenjemerazo, anaiyandikiza kumphuno, n'kunena kuti, "Ikadanunkha tchire. Uipatse masabata awiri."

Ndinazunguliza pa sopo mpaka thovu linagwira, loti ukatukula burashi limaima nsonga osagwa. Ndinayambira pansi pa khutu lakumanja monga ankafunira, nsonga zokha, osakanikiza. Anatsinzina. Nditafika pachibwano anakweza mutu okha ndisanawapemphe.

Titamaliza ndinatenga burashi yakale ija kuti ndiiike m'kabokosi mmene munali yatsopanoyo. Anatsegula diso limodzi n'kuloza pashelefu. Anati imeneyo anawagulira ndi malemu akazi awo chaka chimene anasamukira m'nyumba yawo yoyamba, ndipo ikhale pamene imakhala. Ndinaibwezera pambali pa kambale ka sopo, yatsopanoyo ndinaiimika pazenera kuti iume.